Besi ikasiya kusenza anzake n'kuyamba kulankhula

Mng'ono wanga atandipeza ndikumvera chimbale cha woimba piyano wa jazi Bill Evans chotchedwa Sunday at the Village Vanguard, anandifunsa kuti, "Achimwene, mwati mwini wake wa nyimboyi ndi woimba besi, nanga besiyo ili kuti?" Sindinamudabwe. Tinkamvera pa kasipika ka foni, ndipo chomwe chinkatuluka ndi piyano, kuwayawaya kwa ng'oma, ndi kaphokoso kena kapatali ngati munthu akugogoda pa khomo la nyumba yachitatu. Nditamuveka mahedifoni anakhala duu kanthawi, kenaka n'kuti, "Aa, kodi anthuwa akucheza eti?"

Funso lake loyamba lija ndi lakale kwambiri m'mbiri ya jazi. Chida chachitali koposa pa siteji ndicho chimavuta kwambiri kuchimva, ndipo kuchijambula pamaso pa anthu, m'holo kapena m'bala, ndi ntchito yomwe inagonjetsa akatswiri kwa zaka zambiri.

Chidachi ndi double bass, koma tizingoti besi. Si besi gitala yamagetsi yomwe timaiona m'matchalitchi ndi m'mabandi a kwathu kuno. Iyi ndi ya matabwa, yaphanga m'kati, yooneka ngati vayolini yomwe inakula mpaka kufika mamita pafupifupi 1.8, ndipo imaimikidwa pansi pa kamwendo kachitsulo. Ili ndi nsambo zinayi zomwe amazichuna pa E, A, D ndi G. Khosi lake ndi losalala, lilibe timizere tachitsulo tija ta pa gitala, kotero khutu la woimba ndilo limauza chala poti chigwire. Akhoza kuikhwatcha ndi zala kapena kuikwecha ndi uta monga amachitira woimba kaligo. Amene anaonapo babatoni wa Madalitso Band kapena wa Gasper Nali akudziwa kale mmene nsambo yaitali yokhuthala imalirira: umaimva pamtima khutu lisanazindikire.

Vuto lagona pomwepo. Nsambo yotsikitsitsa ya besi imanjenjemera maulendo 41 okha pa sekondi, ndipo funde limodzi la mawu otere limatalika mamita oposa 8. M'chipinda chaching'ono fundelo limagunda khoma n'kubwerera lisanathe n'komwe. Pakona ina mawu amaunjikana n'kumangoti nduu osadziwika mutu wake, pamalo ena amafafanizana okhaokha moti wokhala pamenepo amangoona zala zikuyenda. Khutu la munthu nalonso silichedwa kutaya mawu otsika akakhala apansipansi. Onjezani ng'oma zomwe zili mkono umodzi kuchokera pa besiyo, matambula akugundana, ndi anthu omwe ali ndi chizolowezi choyamba nkhani zawo akangoona kuti malipenga asiya ndipo watsala ndi wa besi. M'situdiyo zonsezi zimatheka kuzikonza: mumamutchinga woimbayo ndi matabwa, mumabwereza mpaka zitakoma. Pamaso pa anthu chomwe chalowa m'maikolofoni chalowa basi.

Poyamba palibe ankadandaula, chifukwa besi sinali ndi mawu oti inene. Chisanafike chaka cha 1925 nyimbo zinkajambulidwa popanda magetsi, oimba ataunjikana kukamwa kwa chilipenga chachikulu chomwe chinkagwedeza singano, ndipo magulu ambiri ankangotenga tuba m'malo mwa besi. Maikolofoni atabwera, besi inapeza ntchito yake yodziwika, yomwe oimba jazi amati kuyenda: kuponya noti imodzi pa kugunda kulikonse, zinayi zinayi, osaphonya, kuti onse apondepo. Walter Page wa gulu la Count Basie anaikhazikitsa bwino ntchitoyi m'zaka za m'ma 1930. Ndi ntchito ya mzati wa nyumba. Alendo amayamikira denga, koma mzati amaukumbukira tsiku lomwe wadyedwa ndi chiswe.

Amene anasintha zinthu ndi mnyamata wa ku Chattanooga, Jimmy Blanton, yemwe Duke Ellington anamutenga m'gulu lake mu 1939. Blanton ankaimba besi ngati lipenga, ndi ziganizo zokhala ndi poyambira ndi pothera, manoti aafupi othamanga osakanikirana ndi aatali. Mwayi wathu ndi woti pa 7 November 1940, gululi likuimba pa dansi ku Crystal Ballroom mumzinda wa Fargo, ku North Dakota, anyamata awiri okonda nyimbo, Jack Towers ndi Dick Burris, anapempha chilolezo n'kubwera ndi makina onyamula m'manja odulira mbale. Zomwe anajambulazo zinadzatulutsidwa mwalamulo mu 1978. Mbalezo zili ndi mikwasa, nyimbo zina zinaduka pakati posintha mbale, koma Blanton akumveka akukankha gulu lonse la malipenga popanda chokuzira mawu chilichonse. Anamwalira ndi chifuwa chachikulu mu 1942 ali ndi zaka 23. Patapita zaka zitatu, mu June 1945, ku Town Hall ku New York, Slam Stewart anaima pa siteji ndi Don Byas wa sakisofoni, awiriwiri opanda piyano kapena ng'oma, n'kuthamangitsa "I Got Rhythm". Stewart ankakwecha ndi uta kwinaku akung'ung'udza manoti omwewo ndi mawu ake chapamwamba, njira yochenjera yothandiza khutu kulondola chomwe nsambo ikunena.

Tsono nkhani yomwe imandisangalatsa kwambiri ndi ya ku Toronto. Pa 15 May 1953, ku Massey Hall kunakumana Charlie Parker pa sakisofoni, Dizzy Gillespie pa lipenga, Bud Powell pa piyano, Max Roach pa ng'oma ndi Charles Mingus pa besi. Holo sinadzaze, mwa zina chifukwa usiku womwewo Rocky Marciano ankachita nkhonya ndi Jersey Joe Walcott. Ndalama zinavuta, Mingus anatenga matepi n'kubwerera nawo ku New York kuti akatulutse pa kampani ya Debut, yomwe anaiyambitsa ndi Roach. Atawamvera anapeza kuti iyeyo sakumveka bwino. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko: analowa m'situdiyo n'kuimbanso besi yake pamwamba pa tepiyo. Chimbale chomwe dziko linachidziwa kwa zaka zambiri ngati umboni wa usiku umenewo chinali ndi munthu mmodzi woimba ali mzinda wina, tsiku lina.

Kodi ndi chinyengo? Ine ndimati ndi bodza laling'ono lonenedwa pofuna kubweza choonadi chomwe makina anaba. Anthu a muholo muja ankamumva Mingus, tepi ndiyo inamumana. Koma mtengo wake ulipo. Pa chimbale chowonjezeracho besi ili patsogolo kuposa mmene ikanakhalira pa siteji, ndipo woimba amene akudziwa kale komwe Parker alowere saimba ngati amene akungomva koyamba. Zimbale zina zotuluka pambuyo pake zinabweza mawu oyambirira, ndipo ndimakonda zimenezo ngakhale besi ili patali. Mingus yemweyo anadzachitanso zosemphana mu 1960, pa chimbale cha Charles Mingus Presents Charles Mingus. Anajambulira m'situdiyo mopanda anthu, koma akumveka akulonjera omvera omwe kulibe, kuwapempha kuti asaombe m'manja, asagwedeze matambula, ndipo makina owerengera ndalama asalire. Ndi nthabwala, koma ndi dandaulo lenileni la munthu amene moyo wake wonse ankalimbana ndi phokoso la m'bala.

Tibwerere ku chipinda chija mng'ono wanga anamvamo anthu akucheza. Village Vanguard ili pa Seventh Avenue South ku New York, ndipo anaitsegula Max Gordon mu 1935. Umatsika masitepe opapatiza n'kulowa m'chipinda cha pansi pa nthaka, cha ngodya zitatu, cholowa anthu pafupifupi 120, siteji ili kungodya yopanikizika. Makoma ake sayang'anizana mwachindunji, ndipo zimenezi zimachepetsa kuunjikana kwa mawu otsika kuja. Lamulungu pa 25 June 1961, tsiku lomaliza la masabata awiri omwe gulu la Evans linkaimba kumeneko, Orrin Keepnews wa kampani ya Riverside anabwera ndi katswiri wojambula mawu, Dave Jones. Anajambula zigawo zisanu, ziwiri masana, zitatu usiku. Pa piyano panali Evans, pa ng'oma Paul Motian, pa besi Scott LaFaro wa zaka 25. Nyimbo yoyamba ili m'kati magetsi anaphethira, tepi n'kuduka. Kagawo kodukako kanadzatuluka patapita zaka zambiri, ndipo aliyense wa ife amene anazimitsidwapo magetsi nsima ili pamoto akhoza kumva chisoni cha Jones.

Nyimbo imeneyo ndi "Gloria's Step", yopeka LaFaro mwini, ndipo yomwe anaibwereza ndiyo imatsegula chimbale. Mukaimvera, yambani mwaleka kutsatira piyano. Evans akanena chiganizo chake n'kupuma, LaFaro sadikira kuti nthawi yake ya solo, yoonetsa luso payekha, ifike. Amalowa m'kampata komweko, kukwera kumtunda kwa khosi la besi komwe mawu ake amayandikira a gitala, kuponya timanoti titatu kapena tisanu tothamanga, kenaka n'kugwera pansi pa noti imodzi yolemera pomwe nyimbo ikufuna pokhazikika. Nthawi zina amayankha, nthawi zina amatsutsa, pena amayamba ndi iye Evans n'kutsatira. Kuyenda kuja kwa zinayi zinayi kumasowa kwa nthawi yaitali, koma kugunda kwa nyimbo sikutayika. Aliyense mwa atatuwo akukusunga m'mutu, ndiye palibe akukakamizidwa kukuimba mokweza. Kumbuyo kukumveka mafoloko, matambula, ndi anthu akukamba zawo. Kuomba m'manja kwake n'kwa anthu owerengeka.

Anthu amakonda kunena za liwiro la zala za LaFaro, ndipo n'zoona kuti linalipo. Ankakhwatcha ndi zala ziwiri mosinthanasinthana pomwe akale ambiri ankadalira chimodzi, ndipo nsambo zake zinali zotsitsidwa pafupi ndi khosi kuti zisamalimbe pogwira. Koma nsambo zotsitsidwa zimachepetsa mphamvu ya mawu. Besi yotere m'gulu la malipenga khumi ikanamira. Chomwe chinapangitsa kuti imveke ndi zomwe anzake awiri aja anasiya kuchita. Evans ankagwira piyano mofewa, ndipo dzanja lake lamanzere nthawi zambiri linkasiya noti ya pansi ya gulu lililonse la manoti oimbidwa pamodzi, kuisiyira besi, kotero kumunsi kwa nyimbo kunali bwalo losesa. Motian ankaimba kwambiri ndi timaburashi tawaya m'malo mwa ndodo, osapondereza ng'oma yaikulu ya phazi yomwe imakhala m'dera limodzi ndi besi. Maikolofoni anali pafupi moti mumamva nsambo ikumenya thabwa ndi chala chikutsetsereka. Pa bwalo la gule, wotsogolera nyimbo amamveka chifukwa ovomera amadziwa poyambira ndi polekera. Apanso ndi chimodzimodzi, kungoti wotsogolerayo ndi amene kale ankangosenza anzake.

Chakudza sichiimba ng'oma. Patangopita masiku 11, pa 6 July 1961, LaFaro anafa pa ngozi ya galimoto kufupi ndi kwawo ku Geneva, m'chigawo cha New York. Evans anakhala miyezi osaimba pagulu. Posankha nyimbo za chimbale choyamba anatenga zomwe besi ikuonekera kwambiri, n'kuika zopeka LaFaro koyambirira ndi kumapeto, ndipo dzina lake linalembedwa pachikuto. Zotsala zinatuluka pa Waltz for Debby. Besi yakeyo, yopangidwa ndi Abraham Prescott ku New Hampshire cha m'ma 1825, inali m'galimotomo ndipo inawonongeka kwambiri. Inakhala zaka zambiri isanakonzedwe ndi Barrie Kolstein.

Pano ndinene maganizo omwe okonda LaFaro ena sagwirizana nawo. Ambiri amene anamutsanzira anatola liwiro n'kusiya makutu. Ndipo m'chipinda chomwecho, zaka zinayi m'mbuyo mwake, munali kale munthu wina amene anaonetsa njira ina yotsogolera. Pa 3 November 1957 Sonny Rollins anajambula A Night at the Village Vanguard popanda piyano, ndipo madzulo ake pa besi panali Wilbur Ware, pa ng'oma Elvin Jones. Mverani "Softly, as in a Morning Sunrise". Ware sathamangira kumtunda. Amakhala pansi pomwe besi ili ndi thupi, kubwereza noti imodzi, kuichedwetsa pang'ono, kuimenya pamodzi ndi inzake, kusiya mpata woti mpaka umayamba kuda nkhawa. Manoti ake ukhoza kuwawerenga, koma iliyonse imagwa ngati munsi mumtondo. Ndikafuna kudabwa ndimapita kwa LaFaro. Ndikatopa ndi tsiku, ndi Ware amene ndimamufuna.

Zaka zotsatira zinabweretsa mankhwala omwe anadzakhalanso matenda. Maganizo okuza besi ndi magetsi ndi akale: dzina la kampani ya Ampeg linachokera ku kamaikolofoni komwe Everett Hull anakaika pa kamwendo ka besi m'zaka za m'ma 1940. Koma ndi m'ma 1970 pomwe pafupifupi aliyense anamata kachipangizo kotola kunjenjemera pa kathabwa konyamula nsambo, waya n'kupita ku ampu kapena molunjika ku makina ojambulira. Nsambo za matumbo a nyama zinali zitalowedwa m'malo ndi zachitsulo, zolira nthawi yaitali. Besi inayamba kumveka paliponse, ngakhale pa zisudzo za pabwalo. Chomwe chinatayika ndi thabwa ndi mpweya wa m'phanga muja. Pa zimbale zambiri za nthawi imeneyo besi imalira ngati mphira wokokedwa, noti iliyonse yofanana ndi inzake, yopanda kugunda koyambirira kuja komwe kumavinitsa. Ojambula ambiri a masiku ano anabwerera ku maikolofoni, ena amaikulunga m'kasiponji n'kuilowetsa pansi pa nsambo, n'kusakaniza ndi pang'ono chabe za kachipangizo kaja.

Komabe m'nyengo yomweyo woimba besi kukhala mwini gulu kunasiya kudabwitsa. Ron Carter anajambula Piccolo ku Sweet Basil mu 1977, iye akuimba besi yaing'ono yochunidwa chapamwamba ngati wotsogolera, ntchito yosenza ataipereka kwa Buster Williams pa besi yachiwiri. Chaka chomwecho ku Montreux, woimba piyano Oscar Peterson anaika oimba besi awiri, Ray Brown ndi Niels-Henning Ørsted Pedersen, pa siteji imodzi kuti azilandizana. Brown anadzapitiriza mu 1996 ku Scullers, ku Boston, ndi John Clayton ndi Christian McBride, mabesi atatu pamodzi, pa chimbale cha SuperBass. N'zokoma, ngakhale kwa ine zina mwa izo ndi chionetsero cha luso kuposa nkhani. Kutali ndi zonsezi kuli Jimmy Garrison, amene John Coltrane ankamusiya yekhayekha pa siteji. Pa zomwe anajambula ku Tokyo mu 1966, Garrison amatsegula "My Favorite Things" payekha kwa mphindi zoposa khumi, akukwapula nsambo zingapo nthawi imodzi ngati gitala, holo yonse ili zii. Chete ameneyo ndi mbali ya nyimboyo, ndipo m'situdiyo simungamupeze, chifukwa chete wa chipinda chopanda anthu ndi wosiyana ndi wa anthu ambirimbiri omwe asankha kusakhosomola.

Kutsogolera kwina n'kokhala ndi mawu oti unene kwa anthu omwe ali patsogolo pako. Mu November 1971 woimba besi Charlie Haden anali ku Cascais, ku Portugal, ndi gulu la Ornette Coleman. Nthawi imeneyo Portugal inali pa nkhondo ndi omenyera ufulu m'maiko omwe inkawalamulira ku Africa, ndipo ku Tete, kwa abale athu olankhula chinenero chathu chomwechi, nkhondoyo inali itafika kale. Asanayambe nyimbo yake ya "Song for Ché", Haden anapita pa maikolofoni n'kuipereka kwa omenyera ufulu a ku Mozambique, Angola ndi Guinea-Bissau. Achinyamata muholo anakuwa mosangalala kwa nthawi yaitali. Mawa lake apolisi achinsinsi anamugwira pa bwalo la ndege la Lisbon, ndipo anamumasula a ku ofesi ya kazembe wa America atalowererapo. Haden sanali wothamangitsa zala. Anakulira m'banja loimba nyimbo za kumudzi pa wailesi, poliyo inamuwononga mawu ali ndi zaka 15, ndipo besi yake imaimba ngati munthu amene akuimbira pa nsambo zomwe pakhosi pakanika. Mu 1989 chikondwerero cha jazi cha ku Montreal chinamupatsa makonsati asanu ndi atatu otsatizana, anzake akusinthasintha iye ali pomwepo, ndipo zambiri mwa izo zinatuluka pa dzina la The Montreal Tapes. Kumwera kwathu kuno kunachokera Johnny Dyani wa ku East London, amene anachoka ku South Africa mu 1964 ndi gulu la Blue Notes, lomwe malamulo a tsankho sankalilola kuimba momasuka chifukwa linali losakaniza akuda ndi mzungu. Dyani ankakhwatcha besi mwaukali kwinaku akuimba ndi pakamwa nyimbo za kwawo, ndipo anamwalira ku Berlin mu 1986 asanabwerere kukakhala kwawo.

Pomvera zimbale zoterezi, foni payokha sikuthandizani. Kasipika kake sikatha kukankha mpweya wokwanira mawu otsika, kotero mumangomva timawu tapamwamba tomwe timatsagana ndi noti, thupi lake litatsala. Mahedifoni wamba a pamsika amakwana. Mukakhala ndi sabuufa, musaitsegule mpaka kumapeto monga timachitira ndi nyimbo za dansi, chifukwa mudzamva kugunda kokha osamva kuti ndi noti iti. Sankhani nyimbo imodzi, muimvere kawiri, kachiwiriko mukutsatira besi yokha kuyambira poyamba mpaka pomaliza, makamaka pomwe si nthawi yake ya solo.

Nyimbo yomaliza yomwe atatu aja anaimba usiku wa Lamulungu uja ndi "Jade Visions", nayonso ya LaFaro. Anaiimba kawiri motsatizana, bala itatsala pang'ono kutsekedwa. Mnyamata amene dziko limamukumbukira chifukwa cha liwiro sathamanga m'menemo ngakhale pang'ono. Amayamba yekha ndi kachiganizo kotsika kobwerezabwereza, kogunda zisanu ndi zinayi, Evans n'kuikapo timanoti tochepa pamwamba, Motian akungosisita zitsulo zake. Sipatha mphindi zisanu. Noti yomaliza ikazilala pamamveka manja angapo, kenaka mawu a anthu akuyambiranso nkhani zawo.